Nambala Yanga pa Khadi la Sikelo

1

Ine ndinalakwira namwino wa pachipatala chathu chaching'ono, amene anthu amawatcha Anesi a Njinga chifukwa kuntchito ankabwera akupalasa. Ndinawalakwira zaka zisanu ndi zinayi zapitazo, mwezi umene mpongozi wanga anamwalira pobereka. Ndinalakwiranso mpongozi wangayo, ndi mwana wanga amene anali mwamuna wake. Mwa atatuwa, mmodzi ali m'manda. Wina akudziwa zimene ndinachita, koma palibe womumvera. Wachitatuyo amandigulira mankhwala a msana, ndipo amauza anzake kuti bambo ake sanama.

Ntchito yanga ndi yosoka nsapato. Ndimakhala pakhonde la golosale, moyang'anana ndi pokwerera mabasi, ndipo ndakhala pamenepo kuyambira ndili ndi mano onse. Sukulu ndinalekeza kalasi yachinayi. Anthu sindiwakhulupirira. Munthu amabwera n'kunena kuti nsapato yangoduka yokha ali khale, koma ine ndikaitembenuza ndimaona kuti mwini wake ankathawa.

Amene sindiwakhulupirira n'komwe ndi ovala zoyera, ndipo chifukwa ndili nacho. Mkazi wanga analowa m'chipatala chachikulu cha m'tauni akuyenda ndi miyendo yake, beseni lili pamutu, akundiseka kuti ndamanga mabatani mopotoza. Ankapita kukabereka mwana wathu wachiwiri. Anamuchita opaleshoni. Patatha masiku awiri anandipatsa beseni lija, nsalu zake ndi nsapato zili momwemo. Khandalo nalonso silinakhale. Dokotala anandilankhula akuyenda, osaima, ine ndikumutsatira pambuyo ngati wopemphetsa. Mpaka lero sindidziwa chimene chinapha mkazi wanga. Ndinatsala ndi mwana mmodzi wazaka zinayi, ndipo ndinamulera ndekha pakhonde lomwelo, masana akugona pa matayala akale amene ndimadulako soli.

Sindikunena izi kuti mundimvere chisoni. Ndikungofuna mudziwe munthu amene mpongozi wanga anamudalira.

2

Mwana wanga atakula anakhala dalaivala wa malole opita kutali, nthawi zina milungu itatu osaoneka. Atakwatira, mkazi wake anadzakhala nafe m'nyumba yathu ya zipinda ziwiri. Ine ndinali nditakonzeka kudana naye. Sizinatheke. Anali mtsikana wamfupi, wapakamwa, wosaopa nkhope yanga. Sabata yoyamba yomwe anataya kapu yanga ya tiyi yong'aluka mlomo.

"Kapu imeneyo ndinayamba kumwera inu musanabadwe," ndinakalipa.

"N'chifukwa chake, Bambo. Yatopa. Ipume."

Anandigulira ina yamaluwa. Ndinakana kumwera masiku atatu, kenako ndinagonja.

Chaka chachiwiri anaima. Nthawi yomweyo foni yake inagwera m'ndowa akuchapa, ndipo ya mwamuna wake sinkagwira akakhala kutali. Inatsala yanga, kafoni ka mabatani kamene ndinkasunga m'thumba la malaya, m'kapulasitiki kuopa guluu. Tsiku lina anaima pakhonde langa akuchokera kuchipatala, khadi lili m'manja.

"Bambo, ku sikelo amafuna nambala ya foni. Ndapereka yanu."

"Yanga? Woyembekezera ndine?"

"Mimba muli nayo kale, Bambo. Chatsala ndi khadi."

Makondakitala amene anali pafupi anaseka mpaka kugwira mawondo. Ndinamuthamangitsa ndi nsapato ya kasitomala, iye akuyenda chafutambuyo, akusekabe.

Atalowa mwezi wachisanu ndi chitatu anayamba kutopa. Pakamtunda ka kumpopi ankaima kawiri, akupumira m'mwamba. M'maso ndi m'manja munayera. Nthabwala zokha ndi zimene sizinathe. Atabwerako ku sikelo ulendo wina, anandionetsa kathonje pamkono.

"Anditenga magazi. Makina awo oyezera anawonongeka, ndiye atumiza kutauni."

"Akagulitsa amenewo," ndinatero.

"Angagule ndani, ochepa chonchi?"

Tinaseka tonse awiri. Ndikulemba kuti tinaseka chifukwa ndi mmene zinalili.

3

Panapita milungu itatu. Linali Lachiwiri m'mawa, ndikuyala nsapato pakhonde, pamene Mayi a Golosale, amene nyumba yawo inagundana ndi yathu, anabwera akuthamanga.

"Madala, siyani zimenezo! Nthawi ya mpongozi wanu yakwana!"

Tinamukweza m'galimoto ya munthu wogulitsa mazira. Chipatala chathu n'cha zipinda zinayi. Tsiku limenelo pakhonde panali amayi oposa makumi anayi, ana kumsana, ndipo namwino anali mmodzi yekha, Anesi a Njinga, mayi wamtali, wowonda, wolankhula mwachangu. Ataona mpongozi wanga akutsika m'galimoto, anaima chilili, makhadi ali m'manja.

"Inu? Mukutani kuno?"

"Akutani?" anayankha Mayi a Golosale. "Simukuona? Mukuyesa abwera kudzagula tomato?"

Anesi anasiya makhadi. Anagwira mpongozi wanga, kumutsitsa chikope, kuyang'anamo. Kenako anayang'ana ine. Ine ndinayang'ana nsapato zawo. Zinali zoyera, zodyeka chidendene chakumanja.

Anamulowetsa. Ndili panja ndinawamva akukuwa pafoni, akuitana ambulansi. Inali itapita kwina.

Khanda linabadwa dzuwa lili pamutu, lachikazi, lolira mwamphamvu. Mayi a Golosale anatuluka akuvina. Ine ndinaimirira n'kuvula chipewa, sindidziwa chifukwa chake. Kenako m'katimo munakhala zii. Ndinaona mayi wokolopa akutuluka ndi ndowa, akubwerera, akutulukanso ndi ina. Yachitatu ndinasuzumiramo. Ndinakhala pansi.

Pachipatala chathu sasunga magazi. Ambulansi inafika patatha maola atatu. Mwamuna wina panalibe, ndiye ine ndinagwira machira kumutu, dalaivala kumiyendo. Mpongozi wanga anali wopepuka ngati mtolo wa zochapa. Milomo inali itatuwa. Tikumukweza anatsegula maso, n'kundiuza mawu atatu. Dalaivala sanamve. Ndinamva ndekha.

Anamwalira panjira, Anesi a Njinga atagwirizira botolo la diripi m'mwamba, geti la chipatala chachikulu lisanaoneke n'komwe.

4

Mwana wanga anafika maliro atagona masiku awiri. Pagulu sanalire. Titaika, anakhazika pansi Mayi a Golosale kuti afotokoze zonse, ndipo iwo anafotokoza mothirako mchere: kuti namwino analandira mkazi wake ngati galu wolowa m'khitchini. Kenako anapita kuchipatala chachikulu, kumene kalaliki wina anamuonetsa pepala. Magazi aja anapezeka ochepa kwambiri. Pepalalo linatumizidwa kuchipatala chathu milungu iwiri mkazi wake asanamwalire, litalembedwa kuti mayiyu abwere msanga adzawonjezeredwe magazi, ndipo adzaberekere konko.

"Ankadziwa, Bambo!" Anaponya makiyi a lole kukhoma. "Milungu iwiri! Pepala lili m'dirowa, munthu akufa!"

Analemba dandaulo. Patatha mwezi kunabwera bwana wa zaumoyo ndi anthu atatu. Anatiika m'chipinda cha sikelo, mabenchi atawakankhira kukhoma, sikelo ya ana ikulendewera kudenga. Anesi anawakhazika pakati, okha.

"Pepala munalandira?" anafunsa bwanayo.

"Ndinalandira, bwana."

"Munachitapo chiyani?"

"Ndinaimba pa nambala imene ili pakhadi. Kawiri. Anayankha bambo wachikulire."

"Munalemba m'buku kuti mwaimba?"

"Ayi. Ndinali ndekha. Ndinaimba ndili chiimire, pa foni yanga, wina akubereka m'chipinda chinacho."

"Foni yanuyo ikuonetsa?"

"Imangosunga manambala omalizira. Papita nthawi, bwana."

"Njinga muli nayo. Bwanji simunapite kunyumba kwake?"

"Chifukwa ulendo wachiwiriwo bamboyo anandiuza kuti..."

Mwana wanga anamenya tebulo. "Bodza! Mukufuna kupaka mlandu bambo anga? Munthu amene mkazi wake anafera m'manja mwa anthu ngati inu nomwe?"

Panali phokoso, anthu akusuzumira pamawindo, ena akutukwana. Litazizira, bwanayo anatembenukira kwa ine.

"Madala, nambala ndi yanu. Anakuimbirani?"

Ndinatulutsa foni m'kapulasitiki n'kuiika patebulo. "Yang'anani nokha. Sinalire."

Mmodzi wa iwo anaidinadina. Munali nambala ya mwana wanga yokha.

"Bambo angawa kufufuta sakudziwa," anatero mwana wanga. "Uthenga ukabwera amadikira ine."

Anesi sanakuwe, sanalire. Anangondiyang'ana, mpaka ndinaimirira n'kunena kuti msana ukundiwawa.

5

Anawachotsa ntchito n'kuwalanda chiphaso. Anthu anakondwa. Ena anabwera pakhonde langa kudzandigwira chanza, kunena kuti banja lathu laphunzitsa anamwino amwano.

Chipatala chathu chinakhala miyezi isanu ndi iwiri popanda mzamba. Palibe ankafuna kubwera kumalo kumene anthu amatukwanira pawindo. M'miyezi imeneyo mkazi wa wowotcherera zitsulo anaberekera kunyumba, n'kumwalira mawa lake. Mwana woyamba wa wometa tsitsi anabadwira m'galimoto panjira ya kutauni, ndipo sanalire. Maliro onse awiri ndinapita. Pa maliro a mkazi wa wowotchererayo ndinanyamula nawo bokosi.

Anesi sanasamuke, ana awo anali pasukulu. Njinga anagulitsa, dzina linatsala. Anayamba kugulitsa zovala za makanda zakaunjika, atayala pa pulasitiki tsidya la msewu, moyang'anana ndi ine ndendende. Kaya anasankha dala malowo, kaya ndi pokhapo panali mpata, sindidziwa. Zaka zisanu ndi zinayi, ndikangodzutsa mutu pa nsapato, ndimaona iwo. Amayi oyembekezera ena amaima pamenepo ngati akusankha zovala, koma akunong'ona mafunso. Ndimaona Anesi akuwatsitsa chikope, akuwadina mapazi otupa, akuloza njira ya kuchipatala. Mawu ena amafika mpaka kwa ine: "Lero, osati mawa."

Mdzukulu wanga anakula ndi mkaka wa m'chitini, tikulera ine ndi Mayi a Golosale. Pakamwa anatengera mayi ake. Amandinena kuti ndimanunkha guluu, komabe pochokera kusukulu amayamba wafika kwa ine. Ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, bambo ake anamuimika pakhonde langa n'kumulozera tsidya.

"Wawaona mayi aataliwo? Ndi amene anapha amayi ako. Usadzawapatse moni."

Mwanayo anatembenukira kwa ine. "N'zoona, Agogo?"

Ndinali nditaluma misomali itatu. Sindinaichotse. Ndinavomera ndi mutu.

6

Mwezi wathawu, Lolemba masana, Anesi a Njinga anawoloka msewu. Anali asanachitepo zimenezo. Anaima patsogolo panga, nsapato imodzi ili m'manja.

"Madala, soli yamasuka. Mungaimate?"

Ndinatsokomola. "Mubwere mawa."

"Ndidikira. Ndilibe ina."

Anakhala pabenchi la makasitomala, phazi lopanda nsapato ataliika pakatoni. Tsitsi lawo layamba imvi. Ndinapala soliyo, ndinaipalanso.

"Ku ofesi ya zaumoyo kwabwera bwana watsopano," anatero, akuyang'ana mabasi. "Ndi mayi. Akuonanso milandu yakale, chifukwa azamba akusowa. Wandiuza kuti pakapezeka mboni imodzi yonena kuti ndinaimba, atsegula fayilo yanga. Akutseka Lachisanu lino."

"Nkhani zimenezo ine sindikuzidziwa."

"Mukuzidziwa. Tsiku lija munatsokomola kawiri musanayankhe, ngati mmene mwachitira panomu. Kumbuyo kwanu kondakitala ankaitanira basi. Zaka zonsezi chifuwa chimenechi ndimachimvera tsidya."

"Achifuwa tilipo ambiri."

Anaseka pang'ono, kuseka kopanda mano. "Sindikufuna kuti akumangeni. Angamange ndani munthu wa msinkhu wanu? Ine manja anga akadali abwino, ndikhoza kugwirabe zaka zingapo. Mwana wanga wamkazi akuphunzira unamwino, ndipo kusukuluko amabisa kuti ndine mayi ake. Ndikungofuna mawu amodzi, Madala. Mukanene kuti ndinaimba."

Ndinapaka guluu wambiri mpaka anatulukira m'mbali.

"Chimene sindimvetsa n'chimodzi," anapitiriza. "Mtsikana uja munkamukonda. Ndinaona mmene munagwirira machira. Ndiye chifukwa chiyani?"

Ndinamenya soliyo ndi nyundo mosalekeza, kuposa mmene inkafunikira. Nditawapatsa, anafuna kulipira. Ndinakana.

"Zaulere zanu sindikuzifuna," anatero. Anasiya ndalama pabenchi, n'kuwoloka.

7

Funso lawo ndiliyankha pano.

Foni inalira Lachitatu masana, ndikusoka jombo ya mlonda.

"Ndine namwino wa ku sikelo. Mayi amene anapereka nambalayi ndi ndani wanu?"

"Mpongozi."

"Magazi ake apezeka ochepa kwambiri. Apite kuchipatala chachikulu mawa lomwe, akamugoneke, akamuwonjezere magazi. Asadikire kuti nthawi ikwane. Akadzaberekera kuno n'kutaya magazi, sitingamupulumutse. Mwamva, Bambo?"

"Ndamva. Ndimuuza."

Ndinkafunadi kumuuza. Ndinalongedza msanga n'kupita kunyumba. Ndinamupeza akuyanika timalaya ta khanda, akuimba. Ndikulowa, ndinaona pakona beseni latsopano limene anagula, ataikamo kale nsalu zake. Ndinakumbukira beseni la mkazi wanga. Ndinati mumtima: chipatala chija chinandidyera mmodzi, uyu ayi. Amayi angati aberekera pompano n'kubwerako akuyenda? Ndinadziuzanso kuti nkhani za mimba ndi magazi si zoti nkhalamba izikamba ndi mkazi wa mwana wake, kuti ndidikire mwini wake abwere. Mwini wake anali kutali, ndipo ndinkadziwa. Mawa lake ndinayamba kumugulira chiwindi kubutchala. Ndinadziyesa dokotala.

Lachisanu inaliranso.

"Bambo, ndi namwino uja. Mwamuuza? Wapita? Ngati sanapite, ndikaweruka ndibwera panjinga ndidzalankhule naye ndekha."

M'maso mwanga ndinaona njinga itaima pakhomo panga, mpongozi wanga akusenza beseni. Ndinatsokomola.

"Musavutike. Anapita dzulo. Amugoneka."

"Mulungu alemekezeke. Zikomo, Bambo. Ena samva."

N'chifukwa chake sanabwere. N'chifukwa chake atamuona akutsika m'galimoto ya mazira anafunsa kuti akutani kuno. Iwo ankaganiza kuti ali pabedi kutauni.

Lamlungu, akundipatsa tiyi, mpongozi wanga anandifunsa.

"Bambo, Anesi anati akapeza vuto m'magazi muja aimba pa foni yanu. Sanaimbe?"

"Sanaimbe."

"Ndiye kuti ndili bwino! Ndi ulesi chabe umenewu." Anatenga ndowa n'kupita kumpopi.

Kufufuta ndinkadziwa. Anandiphunzitsa ndi iye yemweyo, tsiku lina mvula itatitsekera m'nyumba, akundiseka kuti zala zanga zikudina mabatani atatu nthawi imodzi. Ndinafufuta tsiku la maliro, kuseri kwa nyumba, anthu akuimba kutsogolo.

Mawu atatu a pa machira aja anali awa: "Bambo, akuti anaimba."

Sanakalipe. Ankafunsa, ngati akudikira kuti ndimuuze kuti namwino akunama. Ine ndinati, "Musalankhule, Mayi. Mutopa."

8

Anesi atabwera pakhonde langa Lolemba lija, mwana wanga anafika Lachinayi. Ndinamupeza pabwalo akusamba m'manja ndi sopo wochapira, mafuta a injini akuyenderera.

"Ndamva kuti mayi uja anabwera kwa inu. Amafuna chiyani?"

"Nsapato."

"Akuti akufuna abwerere pantchito. Angoyerekeza, ku ofesiko ndikafika ndekha."

Ndinakhala pa mpando. Mdzukulu wanga anali kusukulu, panalibe wina. Ndinati mumtima: ndimuuze pano.

"Mwanawe, bwanji zitakhala kuti foni ija..."

"Inatani?"

Anasiya kusamba. Anandiyang'ana ndi maso a mayi ake.

"Bwanji zitakhala kuti inalira, ine osamva? Pamsewu paja pamakhala phokoso."

"Ikanaonetsa, Bambo." Anapukuta manja n'kudzanjuta pafupi nane. "Mwakhala mukudzivutitsa ndi zimenezo zaka zonsezi? Siyani. Dziko lonse likhoza kunama, inu ayi. Ndikuuzeni zoona: chaka choyamba chija, pamtsetse wina, ndinafuna kusiya chiwongolero. Ndinakumbukira inu ndi kamtsikanaka. Ndi anthu awiri okha amene ndatsala nawo."

Anandigwira phewa. Ndinamufunsa ngati wabweretsa mankhwala a msana.

Komabe Lachisanu m'mawa ndinavala jekete, ndinapukuta nsapato, ndinakwera basi ya kutauni. Ofesi ya zaumoyo ili pamwamba, masitepe makumi awiri, ndipo ndinakwera onse. M'khonde munali benchi lalitali. Anesi a Njinga anali pamenepo, atavala diresi yosita bwino, envulopu ili pamiyendo. Anandiona. Misozi inalengeza. Anachotsa chikwama chawo pabenchi kuti ndikhale.

Ndinakhala. Tinakhala choncho kanthawi, mapewa atatsala pang'ono kugundana. Kenako chitseko chinatseguka, sekilitale anasuzumira.

"Mayi, bwana akuti mboni yanu ngati yabwera ilowe." Anandiyang'ana. "Ndi inu, Madala?"

Ndinaimirira. Ndinaona m'katimo tebulo, fayilo yabuluu, mayi wamagalasi atagwira cholembera.

"Ayi," ndinatero. "Ndasochera. Ndimafuna kolandirira mankhwala a msana."

"Ndi nyumba inayo, pansi."

Ndinatsika masitepe osatembenuka.

9

Inu amene mukuwerenga, ndikudziwa kuti mukunditukwana. Tukwanani. Ena mwa inu mukuti mukanakhala inu mukanalowa, ndipo mwina n'zoona, koma ine anthu sindiwakhulupirira.

Zaka zonsezi ndakhala ndikubisala kumbuyo kwa zinthu zoona. N'zoona kuti makina anali owonongeka. N'zoona kuti namwino anali mmodzi pa amayi makumi anayi, kuti magazi panalibe, kuti ambulansi inachedwa maola atatu. Amayi akufa ndi zimenezi kulikonse, ndipo amene ayenera kukonza amayenda osaima, ngati dokotala uja. Koma m'zovuta zonsezo munapezeka munthu mmodzi amene anaimba kawiri pa foni yakeyake, ali chiimire, ndipo uthenga wake unafika. Unafera m'thumba la malaya anga.

Ngati mayi woyembekezera walembetsa nambala yanu pakhadi, kaya ndi mkazi wanu, mwana wanu kapena mpongozi, dziwani kuti uthenga umene ubwere si wanu. Uperekeni tsiku lomwelo, mawu onse, ngakhale akuchititseni manyazi, ngakhale mudane nawo. Mantha anu sungani nokha. Mpongozi wanga akanamva yekha, mwina akanapita, mwina akanakana. Ine ndinamusankhira, ndipo anapita kumpopi akuyesa kuti ndi ulesi.

Fayilo ya Anesi a Njinga anaitseka Lachisanu lomwelo. Lolemba anayalanso zovala zawo tsidya la msewu. Mwana wanga sakudziwa kanthu. Mdzukulu wanga akamadutsa pamenepo amayang'ana kumbali.